Nsalu Zoyanika M'nyumba

Kabuku ka kuchipatala ka mkazi wanga ndikadali nako. Patsamba loyamba, pamzere wa gadiyani, pali dzina la mkulu wake, osati langa. Tsiku limene anesi ankalemba ndinalipo, nditaima pakhomo chipewa chili m'manja. Atafunsa kuti wosamalira wodwalayu ndani, alamu angawo anayankha ine ndisanatsegule pakamwa, ndipo sindinatsutse. Kwathu kuno funso limenelo n'longotayitsa nthawi. Mkazi akadwala, eni ake ndi abale ake aakazi. Iwe mwamuna ntchito yako ndi kupeza galimoto, kenako kukhala panja.

Ndine kapitawo pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo ntchitoyi ndaigwira zaka zoposa makumi awiri. Za mtima wanga sindibisa, ndi wapachala. Othyola tiyi amadziwa kuti ndikapeza masamba okhwima m'dengu sindinong'ona, amamva mpaka a kutsidya kwa chigwa. Mkazi wanga yekha ndiye ankatha kundizimitsa. Ankangondigwira pamkono n'kunena kuti bambo khalani pansi, ine n'kukhaladi pansi ngati mwana wasukulu.

Matenda ake anali khansa ya khomo la chiberekero. Tinaizindikira mochedwa. Ku Blantyre anatiuza mosazungulira kuti yafalikira, chotsala n'kuchepetsa ululu basi, ndipo anatibweza ku kiliniki ya odwala matenda osachiritsika pachipatala cha konkuno. Kumeneko n'kumene kunalembedwa dzina lija. Ana tili nawo awiri, onse aamuna, wina ali ku Joni, wina ndi msilikali. Mwana wamkazi Mulungu sanatipatse. Alamu amakhala ku Khwethemule, kumudzi kwa mkazi wanga, ndipo nawonso anali ndi mtolo wawo: munda, zidzukulu, ndi apongozi anga okalamba amene maso anali atayamba kuwavuta. Ankabwera kamodzi pamwezi, tsiku la kiliniki, n'kubwerera madzulo ake omwewo. Masiku ena onsewo tinkatsala awiriwiri.

Ndinkadzuka m'mamawa kutenthetsa madzi pambaula, kumusambitsa ali chigonere, kumusintha nsalu. Matendawa amatulutsa magazi ndi madzi onunkha, ndipo sindikongoletsa mawu, fungo lake limakutsata mpaka pakati pa munda wa tiyi. Ndinazolowera kufikisa masamba a bulugamu m'manja n'kudzipaka pansi pa mphuno ndisanayambe. Zimene anesi ankaphunzitsa alamu ku kiliniki, mkazi wanga ankazisunga m'mutu n'kudzandiphunzitsa ine kunyumba: kusinja mapiritsi ochepetsa fungo, kuika makala pansi pa bedi, kukoka mofini, mankhwala oletsa ululu, ndi sirinji yopanda singano n'kumudonthezera m'kamwa pakatha maola anayi alionse. Zina ndinazitulukira ndekha. Mbali ya kumanzere sankagonera n'komwe, chifukwa ululu unali utalowa m'chiuno, ndipo ukamukoka mikono ankakuwa. Ndinayamba kuyala chitenje pansi pa chiuno chake, n'kumakoka chitenjecho pang'onopang'ono mpaka thupi litatembenuka lokha. Teni koloko ikakwana ndinkasiya gulu m'manja mwa kapitawo mnzanga, kupalasa njinga kutsika phiri, kumupatsa mankhwala, kubwerera. Thu koloko chimodzimodzi.

Chinsinsi chathu chinali nsalu. Tinang'amba zitenje zake zakale ndi mashiti awiri. Nyumba za pa esiteti zili mumzere, khoma ndi khoma, mpopi umodzi wa tonse. Mwamuna, kapitawo ndithu, ataoneka akuchapa nsalu za magazi a mkazi, nkhani imeneyo ingafike ku Luchenza dzuwa lisanalowe. Ena angaseke, ndipo kusekako n'kwabwinoko. Ena anganene kuti akukhwimira magaziwo kuti akwezedwe pantchito. Choncho ndinkachapira m'nyumba, chitseko chotseka, n'kuyanika pachingwe chimene ndinamanga m'chipinda kuchokera pazenera kufika pamsomali wa kalendala. Nyengo ya chiperoni nsalu siziuma. Ndinkaziwamba pambaula ngati nsomba.

Mkazi wanga anandipempha zinthu ziwiri. Choyamba, abale ake asadziwe kuti wochapayo ndine. Iye ankawauza kuti amathandizidwa ndi amayi a mumpingo. Anati akadziwa adzamva manyazi, adzati kodi mbumba yonseyi ilibe akazi, ndipo adzabwera kudzamutenga. Chachiwiri chinatuluka m'choyambacho: ndisamupereke kumudzi akadali moyo. Anali mkazi waukhondo, wosita ngakhale kansalu kophimbira wailesi. Sankafuna kuti mudzi wonse uzilowa m'chipinda kudzamuona, kenako n'kukalavula kuseri kwa nyumba. Sankafunanso kuti amayi ake amve fungo limenelo pa mwana wawo. Ankafuna bedi lake pafupi ndi zenera, pamene ankaona tiyi akukwera phiri ndi madengu a othyola akuyenda m'mizere. Ndinamulonjeza zonse ziwiri, ndipo tinatha miyezi isanu ndi iwiri choncho.

Za kafukufuku tinazimva ku kiliniki. Anesi anati kuli aphunzitsi a ku yunivesite, ena a kwathu konkuno, ena a maiko akunja, amene agwirizana kufufuza za moyo wa anthu osamalira abale awo odwala matenda osachiritsika. Mafunso omwewo akufunsidwa kuno ndi kumaiko enawo, kuti aone pamene tikufanana ndi pamene tikusiyana. Anati n'zosakakamiza. Alamu anavomera, ine ndili pakhomo monga mwa masiku onse. Ofufuzawo anatenga dzina ndi nambala ya foni zimene zinali m'kabuku. Akanatenganso kuti? Sindiwaimba mlandu.

Tsiku limene anapangana ndi alamu kudzacheza nawo kunyumba kwathu linali Lachinayi la mu Julaye, chiperoni chitagwira masiku atatu. Nsalu zinali zonyowa moti sindinathe kuzibisa m'thumba monga ndinkachitira alamu akamabwera. Mkazi wanga anati ndizisiye, anena kuti ayanika amayi a mumpingo. Nditabwera teni koloko ndinapeza galimoto yoyera itaima pamalaini a nyumba zathu, ndipo pakhonde panga, pamphasa, panali akazi atatu. Alamu anali atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Pafupi nawo panali mayi wa magalasi wa ku Blantyre, amene ankafunsa mafunso, ndi mzungu wachikulire wa imvi, atamanga chitenje mokhota, kope lili pamwendo. Pakati pawo panali kachipangizo kojambulira mawu. Ndinapereka moni, ndinalowa, ndinapatsa mkazi wanga mofini wake, n'kukhala m'mphepete mwa bedi kudikira kuti ameze bwino. Zenera linali lotsegula pang'ono, ndipo ndinkamva zonse.

Alamu sankanama mwankhanza ayi. Ankanena zimene mkulu wa wodwala amayenera kunena. Atafunsidwa chimene chimawavuta kwambiri, anati mayendedwe. Atafunsidwa ngati amatopa, anati munthu satopa ndi m'bale wake. Atafunsidwa za mankhwala, anati amapereka m'mawa ndi madzulo, koma osachulutsa, chifukwa mankhwala amenewa amafooketsa munthu. Kenako mayi wa magalasi uja anafunsa ngati mwamuna wa wodwalayo amathandizako. Alamu anaseka pang'ono, anati amuna ndi a kuntchito, koma alamu awo ndi munthu wabwino, sopo samasowa panyumba pano. Mayi uja anamasulira m'Chizungu. Ine sukulu ndinafika fomu folo, Chizungu ndimamva. Mzungu uja anagwedeza mutu, ananena kuti zimenezi akuzimva m'malo ambiri, ndipo analemba.

Kulembako n'kumene kunandiyatsa. Ndinaimirira. Mkazi wanga anandigwira pamkono ndi kadzanja kake kopanda mnofu.

"Bambo, khalani pansi."

Ndinachotsa dzanja lakelo. Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanachitepo zimenezo. Ndinakoka chingwe mpaka msomali wa kalendala unazuka, ndinakumbatira nsalu zonse zonyowazo, ndinatuluka n'kuziponya pamphasa, pakati pa akazi atatuwo, pamwamba pa kachipangizo kao.

"Lembaninso izi," ndinatero. "Sopo ndimagulayo ntchito yake ndi iyi. Afunseni alamu angawa kuti wodwalayo amagonera mbali iti. Afunseni kuti mankhwala amamwa kangati patsiku. Miyezi seveni ndikuchapa ndine, ndi manja awa, inu n'kubwera pagalimoto kudzalemba kuti amuna ndi a kuntchito."

Ndinabwerezanso m'Chizungu kuti mzunguyo asadikire womasulira. Mawu anga a kumunda ndinawatulutsa onse. Pamene ndinkamaliza, zitseko za mumzere wathu zinali zitatseguka, ndipo amayi amene anali pampopi anali ataima, ndowa zikusefukira.

Mayi wa magalasi anasuntha nsalu imodzi, anazimitsa kachipangizo. Analankhula modekha kuti apepese, sanadziwe, ndipo mawu anga sangawalembe popeza sindinavomere kulowa nawo m'kafukufukuyo, koma ngati ndingalole adzabwera tsiku lina kudzacheza nane. Anafunsanso alamu ngati akufuna kuti asiyire pomwepo. Mzungu uja nkhope inali itafiira mpaka m'makutu. Ananena mawu ochepa, akuti cholakwa chili pa kasankhidwe kao ka anthu, osati pa mayiwa.

Alamu ndiwo anatola nsaluzo. Ankatola imodziimodzi, kuiyang'ana, kuipinda, kuiika pamwendo. Zinali zoyera bwino, chifukwa ine ndikachapa ndachapa. Atamaliza anandiyang'ana koyamba.

"Alamu, mwatilaula. Pamaso pa alendo."

Anaziika pampando, analowa kukatsanzika mng'ono wawo m'Chilomwe, mawu awiri atatu, ndipo ananyamuka kupita kusiteji osadya kanthu. Galimoto yoyera nayo inachoka. Nditalowa m'chipinda ndinapeza mkazi wanga atatseka maso. Akanakhala ndi mphamvu akanatembenukira kukhoma, koma kutembenuka kwake kunali m'manja mwanga. Patapita nthawi anandifunsa, osatsegula maso, ngati mtima wanga waphwa tsopano. Kenako anati ndikonze chikwama chake, chifukwa abwera kudzamutenga.

Anabwera Lamlungu, pagalimoto ya hayala: amalume ake, amene ndiwo mwini mbumba, ankhoswe a mbali yao, ndi alamu. Tinakhala pansi pa mtengo wa bulugamu kuseri kwa malaini. Amalumewo ndi munthu wolankhula mwapansipansi, ndipo sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Anathokoza kuti ndasamalira mwana wawo. Anati komabe mbumba yao ili ndi akazi, ndipo ntchito imene ndakhala ndikugwirayo si ya mkamwini. Anati anthu ayamba kale kufunsa kuti kodi bamboyo ankafunamo chiyani m'nsaluzo, ndipo iwo ngati akuluakulu sangadikire kuti mwana wawo athere m'nyumba ya kampani nkhani zoterezi zili pakamwa pa anthu.

Tsiku lina lililonse mawu amenewo akanathera ku polisi. Koma ndinakhalira manja anga, kuwakhalira kwenikweni, pansi pa ntchafu. Ndinangoti mwini wake safuna kupita, akamufunse yekha. Analowa kukamufunsa. Ndinali pakhomo. Mkazi woleredwa bwino sakana amalume ake pamaso pa ankhoswe. Anangoti wamva. Ndinamunyamula ndine kumuika pamatiresi kumbuyo kwa galimoto, atagonera kumanja. Botolo la mofini ndi sirinji ndinapereka kwa alamu, n'kuwafotokozera za maola anayi aja. Analandira akuyang'ana kumbali.

Lolemba ndinakapempha tchuthi kwa amanejala, ndipo Lachiwiri ndinali ku Khwethemule. Kumeneko ndinapeza chimene ndinali ndisanachiganizire. Anamugoneka m'nyumba ya amayi ake, kuchipinda kwa apongozi anga. Mkamwini salowa kuchipinda kwa apongozi. Ngakhale pabwalo timapatukirana njira, tikalankhulana ndiye kuti wina ali kuseri kwa chitseko. Palibe amene anandithamangitsa. Anandipatsa mpando pansi pa mtengo wa mapeyala, anandibweretsera madzi osamba m'manja ndi chakudya pa nthawi yake, monga mlendo wolemekezeka. Kuchokera pampando umenewo kufika pazenera la chipindacho panali mapazi osakwana makumi awiri.

Ndinakhala pamenepo masiku awiri. Ndinkamva akamamutembenuza. Ankamukoka mikono, ndipo kulira kumene ankalira sindikufuna kukulemba. Teni koloko ikakwana ndinkaimirira n'kunena cha kukhomo kuti nthawi ya mankhwala yakwana. Mkati munkayankha mawu akuti tamva. Koma ndinkadziwa kuti sakumupatsa, kapena akumupatsa theka. Azakhali ake ena anali atanena kuti mankhwala amenewo ndi amene achipatala amapereka akafuna kuti munthu apite msanga. Anthu ankalowa kudzamuona, magulu a mapemphero, anzake a kuubwana. Ndinaona ndi maso anga mayi wina akutuluka n'kukalavula kuseri kwa nkhokwe. Chilichonse chimene mkazi wanga ankaopa chinkachitika ine ndili pampando, ndipo amene anachiitana ndinali ine.

Tsiku lachitatu masana ndinaona alamu akutsika kumtsinje ndi beseni lophimba. Ndinadikira pang'ono n'kuwatsatira. Ndinawapeza atagwada pamwala, nsalu zili m'madzi, iwo akusanza. Atamaliza anatsuka m'kamwa n'kupitiriza kuchapa, misozi ikugwera mubeseni. Ndinali ndi masamba a bulugamu m'thumba la jekete, otsala a ku esiteti. Ndinawafikisa, ndinawaika pamwala pafupi nawo, n'kunena kuti apake pansi pa mphuno. Sanandiyang'ane, koma anatola n'kupaka.

Ine kupepesa sindikudziwa. Pantchito sindinapepesepo munthu. Ndinanjuta chapatali, ndinavula chipewa, ndinawauza kuti kuchapa sindinalakwe ndipo sindidzanena kuti ndinalakwa, koma kuwaponyera nsalu pamaso pa alendo ndinalakwa, andikhululukire. Anachapa nsalu ina yonse mpaka kuifinya asanayankhe. Kenako anandifunsa chifukwa chimene sindinanenere miyezi yonseyi. Ndinati mng'ono wawo anandiletsa.

"Ndinkadziwa, alamu," anatero. "Amayi a mumpingo ake ati amene sindinakumanepo nawo ngakhale mmodzi? Ndinkaona manja anu. Koma ndikanati ndadziwa, ndikanayenera kusiya amayi ndi munda n'kubwera kudzakhala kwanu. Ndiye ndinasankha kusadziwa."

Sindinayembekezere zimenezo. Kenako ndinawauza za chitenje choyala pansi pa chiuno, za mbali ya kumanzere, ndi kuti mofiniyo wakhala akumwa miyezi yonseyi osafa naye, chimene chikumupha ndi khansa, mankhwalawo amangomulola kugona. Anati zimenezo n'zovuta kuzimva ndi makutu, zimafuna kuona. Ndinati nanga ndilowa bwanji. Anati ndisiyire iwo.

Zimene anakambirana ndi amayi awo sindinazimve. Ndinangoona, dzuwa litapendeka, apongozi anga akutuluka ndi mphasa yao, bulangeti ndi ndodo, akupapasa khoma, alamu atawagwira chigongono. Anadutsa pabwalo kupita kunyumba ya alamu. Atafika pakhomo anaima chondifulatira, monga mwa mwambo, n'kulankhula ngati akulankhula ndi chitseko.

"Auzeni akamwini kuti nyumba ijayi si yanganso. Ndasamuka. Alowe."

Amalume atamva anang'ung'udza, koma nyumba inali ya mlongo wawo, ndipo mwini wake anali atanena kuti wasamuka. Mwambo sunathyoledwe. Anangouzungulira.

Ndinalowa. M'masiku asanu okha mkazi wanga anali atatha kwambiri, milomo itang'ambika, atagonera kumanzere. Anatsegula maso n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti anditukwane, ndipo ndikanalandira. Koma anangoti, ndi mawu ongomveka pang'ono, akapitawo mwachedwa, mukadulidwa tsiku. Alamu anaseka akulira. Ine ndinapempha chitenje.

Tinachiyala pansi pa chiuno, ine mbali iyi, alamu mbali inayo. Ndinawaonetsa pogwira, ndinati tisakoke munthu, tikoke nsalu, ndipo pang'onopang'ono. Anatembenuka osakuwa. Ndinakoka mofini pa mzere wake weniweni, azakhali aja akuona, n'kumudonthezera m'kamwa. Pasanathe ola anagona tulo toyamba chifikireni kumudziko. Ndinapempha makala n'kuika pansi pa bedi. Ndinapemphanso, ndipo nthawi ino mopanda kukalipa, kuti odzazonda azithera pabwalo. Alamu ndiwo anaima pakhomo kuwabweza.

Mkazi wanga anakhala masiku ena asanu ndi anayi. Nsalu tinkachapa mosinthana, alamu kumtsinje, ine kuseri kwa nyumba, ndipo tinkayanika panja padzuwa. Amene anafuna kunena ananena. Zenera la chipinda chimenecho ndi laling'ono, limayang'ana khola la mbuzi, tiyi saoneka. Tsiku lina ndinamuuza kuti ndinaphwanya lonjezo. Anati inde munaphwanya. Sanawonjezere kuti palibe kanthu, chifukwa sanali munthu wonama, ndipo ine sindinamupemphe kuti atero. Koma anandigwira pamkono, ndipo dzanjalo ndinalisiya pomwepo mpaka analichotsa yekha. Anamwalira Loweruka masana, ine nditamugwira mutu, alamu atamugwira mapazi.

Katundu wa mkazi akamwalira ndi wa abale ake. Pa tsiku londisudzula anagawana zitenje, mapoto ndi makina ake osokera. Ndikunyamuka, alamu ananditsatira mpaka pamsewu n'kundipatsa kabuku ka kuchipatala kaja. Anati kameneka n'kanu.

Patatha miyezi iwiri mayi wa magalasi uja anaimba foni. Anati kafukufuku wawo ali ndi gawo locheza ndi osamalira wodwala akamwalira, ndipo anayamba aimbira alamu monga mwa kabuku, koma iwo anati ayambe acheza ndi ine, iwo pambuyo. Ndinavomera. Anabwera yekha ndi dalaivala, mzungu uja anali atabwerera kwao. Tinakhala pakhonde lomwe lija. Anandiwerengera chikalata chonse, chakuti dzina langa silidzatchulidwa ndiponso kuti ndikhoza kusiya nthawi iliyonse, ndipo ndinasaina. Anandiuza kuti za tsiku lija anakambirana ndi anzawo a kumaiko ena aja, popanda kutchula munthu kapena malo, ndipo ena anavomera kuti nawonso ankangotenga dzina lolembedwa kuchipatala. Tsopano akafika pakhomo amayamba afunsa kuti amene amasambitsa wodwalayo ndani, amene amachapa ndani. Ananena ngati akundipatsa mphatso. Ndinamuuza kuti n'zabwino, koma mtengo wake analipira ndi mkazi wanga, amene anafera moyang'ana khola la mbuzi. Sanatsutse. Ndinamulemekeza chifukwa cha zimenezo.

Mafunso anali ambiri. Anandifunsa ngati ndinali ndi munthu womuuza zakukhosi m'miyezi imeneyo, ndinati ayi. Anandifunsa ngati ndinkaopa, ndinati tsiku lililonse pokwera njinga kutsika phiri, kuopa kukapeza nyumba ili zii. Anandifunsa chimene chikanandithandiza. Ndinaganiza nthawi yaitali. Ndinati tsiku loyamba lija, anesi akanatukula maso n'kuona munthu woima pakhomo ndi chipewa m'manja, akanati bambo lowani nanunso mumve. Koma ndinamuuzanso kuti mwina ndikanakana kulowa, chifukwa nanenso ndine wa konkuno.

Pomaliza anafunsa ngati pali china chimene ndikufuna kuti anthu a kumaiko enawo amve. Ndinamuuza kuti alembe bwinobwino, asafupikitse: wodwala wotere sakokedwa mikono. Muyale chitenje pansi pa chiuno, mugwire awiri ngati mulipo awiri, ndipo mukoke nsaluyo pang'onopang'ono. Anati kwao kwa mzungu uja kulibe zitenje. Ndinati shiti ali nayo.